Kabokosi ka "magetsi ochiritsa" ka makedzana: mukagulitse kuti, kwa yani?

Kabokosi kake nthawi zambiri kamakhala kakuda, kokutidwa ndi nsalu yonga chikopa, m'kati moyala nsalu yofewa yofiirira kapena yabuluu. Mukakatsegula mumapezamo chogwirira chonenepa, nthambo yamagetsi yokulungidwa ndi ulusi, ndi timagalasi tamphako: kena konga chipeso, kena konga bowa, kena kopindika kuti kazigwira bwino pakhosi. Ku Britain timabokosi totere timapezeka m'misika ya Lamulungu m'mawa, ija anthu amayala katundu kumbuyo kwa galimoto zawo, komanso kwa anthu ochotsa katundu m'nyumba za omwalira. Ku Joni, kapena pamsika wa Milnerton ku Cape Town, timatulukira pamene adzukulu akugulitsa za m'nyumba ya agogo. Mwa apo ndi apo kena kamalowerera mu kontena ya ziwiya zakale n'kudzapezeka pamsika kwathu kuno, wogulitsa akuyesa ndi zopangira tsitsi.

Dzina lake ndi violet ray, ndipo mwa zipangizo zonse za madokotala abodza a kale, chimene munthu angakumane nacho msanga ndi chimenechi. M'kati muli koyilo yokweza mphamvu ya magetsi, potsata nzeru zimene katswiri wa zamagetsi Nikola Tesla anaonetsa m'zaka za m'ma 1890. Mukayatsa, kagalasi kamawala mtundu wa pepo, kamathetheka kakayandikira khungu, ndipo m'chipinda mumamveka kafungo ka ozone. Ntchito yake yathera pomwepo. Koma timabuku timene tinkabwera ndi makinawa tinkalonjeza kumeretsa tsitsi padazi, kuthetsa nyamakazi, kutsegula makutu ogontha, ngakhale kudzutsa abambo ogwa mu mpapaya. Makampani monga Renulife wa ku Detroit ndi Master wa ku Chicago anagulitsa ochuluka zedi m'ma 1920 ndi m'ma 1930, ku Germany nako opanga anali mbwee, ndipo mu 1951 boma la America linalanda makina a Master kudzera m'khoti chifukwa cha malonjezo onama.

Lero wosonkhanitsa zinthu zakale sagula kabokosika kuti achire. Chimene akulipira ndi bodza lija, losungika bwino: chizindikiro cha kampani pansi pa chivundikiro, kabuku kolonjeza zosatheka, timagalasi tonse tili m'malo mwake. N'chifukwa chake kabuku kothimbirira kamene ambiri amataya posesa bokosi nthawi zina ndi kamene kamakweza mtengo. Ndipo n'chifukwa chake palibe njira imodzi yabwino yogulitsira zipangizo zonse zoterezi. Maganizo anga ndinene msanga: chipangizo chofala mugulitse nokha pa intaneti m'dziko lomwe muli, chosowa mupite nacho ku okushoni ya akatswiri, chokhala ndi radium, chitsulo chotulutsa cheza choopsa, musachiyese katundu wamalonda n'komwe.

Choyamba, dziwani chimene mwatola

Musapukute chilichonse. Mkuwa wakuda ndi ukalamba, matabwa osapakidwa vanishi watsopano, ngakhale nthambo yothetheka yakaleyo, ndi zimene wogula akufuna kuona. Mukachipukuta n'kuwala ngati cha m'sitolo, mwapukuta ndalama zanu.

Musachilumikizenso ku magetsi. Ndikudziwa kuti dzanja limayabwa, ndiponso n'zoona kuti makina oyaka amagulidwa mokwera kuposa ozima. Koma violet ray ya ku America inapangidwira magetsi a mavoti 110, pamene ku Britain, ku South Africa ndi kwathu kuno m'masoketi muli 230. Mukaipatsa magetsi athuwa koyilo imapsa, ndipo chimene chinali chosadziwika ngati chikuyaka chimasanduka chodziwika kuti chinafa. Labala wokutira mawaya amakhala atauma n'kumayoyoka, waya wopititsa magetsi pansi mulibe, ndipo m'zipangizo zina zotenthetsa za nthawi imeneyo ankaikamo asibesitosi. Ngati mukufunitsitsa kudziwa, mupatseni katswiri wa zamagetsi wokhala ndi zoyezera, ndipo m'chipindamo musakhale munthu woikidwa kabatire ka mtima.

Mmalo mwake tengani foni mujambule zilembo zonse. Nambala ya patenti, chikalata cha boma choteteza nzeru ya woyambitsa chinthu, mukaiika pa Google Patents imakuuzani woyambitsa ndi chaka. Koma chaka cha patenti si chaka chimene chinthucho chinapangidwa. Makina opukusa ndi dzanja a Davis & Kidder, aja okhala m'bokosi la matabwa, ndi maginito opindika ndi zogwirira ziwiri zachitsulo zopatsa nyesi, amalembedwa 1854, komatu anapitiriza kupangidwa zaka makumi angapo pambuyo pake, ndipo ena anawatengera. Pa zinthu za ku Germany, zilembo za D.R.G.M. zinayamba mu 1891 n'kutha nkhondo yachiwiri itadutsa. Mukaona "West Germany" ndiye kuti n'cha pambuyo pa 1949. Pa za ku Britain, nambala yoyamba ndi "Rd" inayamba mu 1884. Chogwirira cha Bakelite sichingakhale cha m'ma 1800, poti pulasitiki ameneyu anatulukiridwa mu 1907.

Mukapeza dzina, fufuzani mitengo imene zinthu zotere zinagulidwadi, osati imene anthu akutchula. Pa eBay, msika wa pa intaneti, pali posankha kuti muone zogulidwa zokha za miyezi itatu yapitayi. Pa the-saleroom ndi LiveAuctioneers, masamba a pa intaneti a malonda a okushoni, mumaona mitengo imene nyundo inagwera. Apa ndi pamene ambiri mtima umagwa. Violet ray wamba, wokhala ndi timagalasi tiwiri kapena titatu, amapita pa mapaundi makumi angapo chabe. Wa bokosi lalikulu, timagalasi tambiri tachilendo, kabuku kalipo, amakwera kufika m'mahandiredi. Wina akaika wake pa mapaundi 900 n'kukhala chaka chathunthu osagulidwa, umenewo si mtengo wa msika, ndi maloto ake.

Zimene zimakopa akatswiri ndi zina. Rejuvenator ya Otto Overbeck, katswiri wa zofulula mowa wa ku Grimsby amene analemera m'ma 1920 pogulitsa zipeso za mabatire zoti zimabwezera unyamata, ili ndi mbiri yakeyake. Nyumba yake ku Salcombe ili m'manja mwa National Trust, bungwe losamalira malo a mbiri, mpaka lero. Pali Oxydonor ya Hercules Sanche ya m'ma 1890, kachitsulo kotsekeka kamene munthu ankaviika m'madzi ozizira atadzimangirira waya kukakolo kuti thupi "limwe" mpweya wabwino, m'kati mulibe chogwira ntchito chilichonse. Pali malamba amagetsi, monga a Pulvermacher ndi a Harness a ku London. Ndipo pamwamba pa zonse pali tizitsulo tiwiri ta Elisha Perkins ta 1796, tosisitira pamalo powawa, timene dokotala John Haygarth anatiyalutsa ku Bath mu 1799 poonetsa kuti timitengo topakidwa utoto "tinkachiritsa" chimodzimodzi. Tizitsulo ta Perkins tenitenito n'tosowa kwambiri, moti mukatipeza musafunse mtengo kwa munthu mmodzi yekha.

Zimene sizipita kumsika

Mukaona mtsuko wadothi wokhala ndi kampopi, wolembedwa Revigator, kapena chilichonse chotchula radium, imani kaye. Revigator, ya patenti ya 1912 ndipo yogulitsidwa kwambiri kuchokera ku San Francisco m'ma 1920, inkamatidwa m'kati ndi mwala wa carnotite, wokhala ndi uranium, chitsulo chomwechija chokumbidwa ku Kayelekera, komanso radium pang'ono. Anthu ankadzazamo madzi usiku n'kumamwa tsiku lotsatira. Ofufuza a ku Mount St. Mary's University ku Maryland atayeza mitsuko yakaleyi anapeza kuti madzi ake ankatenganso poizoni wa arsenic ndi mtovu. Ukalamba suthandiza kanthu pano: radium imatenga zaka pafupifupi 1,600 kuti mphamvu yake itsike ndi theka. Eben Byers, mpondamatiki wa ku America amene ankamwa Radithor, madzi osakaniza ndi radium, anamwalira mu 1932 nsagwada zitadyeka.

Zina zolembedwa radium zinalibe radium n'komwe, poti atambwali ena ankanama ngakhale pa poizoni wawo, koma zimenezi zimadziwika ndi makina oyezera cheza, osati ndi maso. Malamulo a eBay ndi Etsy amaletsa zinthu zotulutsa cheza choopsa, ngakhale mudzaona ena akuzembetsa, ndipo positi silandira. Chiikeni m'thumba la pulasitiki lomanga bwino, kunja kwa chipinda chogona, musachipale kapena kuchitsuka, kenako funsani oyang'anira: ku Malawi ndi Atomic Energy Regulatory Authority, ku Zambia ndi Radiation Protection Authority, ku England yambirani ku khonsolo kapena ku Environment Agency. Chimodzimodzi chipangizo chokhala ndi mercury m'galasi: makampani onyamula katundu amachiwerenga m'gulu la zoopsa. Ndipo amene muli ku America, dziwani kuti Relaxacizor, makina ogwedeza minofu ndi magetsi amene anagulidwa oposa 400,000 khoti lisanawaletse mu 1970, saloledwa kugulitsidwa ngakhale ngati kaunjika.

Wa shopu ya zakale, kapena okushoni?

Njira ziwirizi mlimi aliyense wa fodya amazidziwa. Venda amabwera pakhomo ndi ndalama m'manja n'kukudyerani pa mtengo. Ku okushoni mtengo ungakwere, koma mudikire, mulipire zodula zambirimbiri, ndipo belo likhoza kubwerera.

Wogulitsa zinthu zakale, kaya wa ku Portobello Road ku London kaya wa ku Kalk Bay ku Cape Town, amakupatsani ndalama lero lomwe. Palibe kulongedza, palibe wogula wodandaula. Koma iye ayenera kulipira lendi ndi kusunga chinthucho miyezi, mwina zaka, ndiye musadabwe akatchula theka la mtengo umene adzagulitsire, kapena kucheperapo. Si kuba kumeneko. Kuba kumayamba pamene munthu yemweyo ndiye wakuuzani kuti chinthu chanu n'chachabechabe, ndipo yemweyonso ndiye akufuna kuchigula. Wokuuzani mtengo akhale wina, wogula akhale wina. Musayambe ndinu kutchula ndalama. Mufunseni kuti apereka zingati, muthokoze, mukafunsenso kwina. Ndipo shopu ya mipando ndi mbale zadothi si malo ake. Mwini wake sadziwa kusiyanitsa Overbeck ndi chowumitsira tsitsi, choncho amagula motchipa podziteteza. Ogulitsa odziwa zida za sayansi ndi zachipatala mungawapeze pa Fleaglass, ndipo ambiri amayankha mukawatumizira zithunzi zooneka bwino.

Njira imeneyi ndimaivomereza pa zinthu ziwiri: chipangizo chosakwanira, chosweka timagalasi, chimene kuchigulitsa nokha kungakudyereni nthawi kuposa phindu lake, kapena pamene mukusamuka ndipo mukufuna chichoke sabata ino.

Okushoni imafuna masamu. Tiyerekeze kuti nyundo yagwa pa mapaundi 100. Nyumba ya okushoni ikutenga komishoni ya 15 peresenti, kuphatikiza VAT ya 20 peresenti pa komishoniyo, ndiye mapaundi 18 apita. Ena amadulanso ya kujambula, ya inshuwalansi ndi ya kulemba m'kabuku ka malonda. Inu mutsala ndi 80 kapena kucheperapo, ndipo ndalamayo ibwera patapita masabata angapo. Mbali inayo, wogula akulipira 25 peresenti pamwamba pa mtengo wa nyundo, ndi VAT yake, zonse pamodzi 130. Munthu amene anali wokonzeka kutulutsa mapaundi 130 pa katundu wanu wakufikitsirani 80 okha, ndipo ogula amadziwa masamu amenewa, n'chifukwa chake amaleka kukweza dzanja msanga. Pa violet ray wamba, kudula kotereku n'kopweteka popanda chifukwa.

Koma pa chinthu chosowa nkhani imatembenuka, chifukwa mtengo wake inuyo simukuudziwa, ndipo njira yokhayo youdziwira ndi kuika osonkhanitsa awiri ouma mitu m'chipinda chimodzi kuti alimbirane. Nyumba zodziwa za zida zakale, monga Flints ku England kapena Auction Team Breker ku Köln, zili ndi mayina a anthu otere, zimalemba mbiri ya chinthu molondola, ndipo wogula wa kutali amakhulupirira mawu awo kuposa anu. Kutumiza zithunzi kuti akuuzeni mtengo woyerekeza nthawi zambiri n'kwaulere, ndipo ngakhale akakana mwaphunzirapo kanthu: akakana ndiye kuti n'chofala. Mukagwirizana, kambiranani za mtengo wotsikitsitsa umene sayenera kupyola, ndipo funsani ngati pali cholipira katundu akapanda kugulidwa. Musaukweze kwambiri mtengo umenewu. Chinthu chikabwerera ku okushoni, mbiri yoti chinakanidwa imatsala pa intaneti, ndipo ulendo wachiwiri ogula amachiyang'ana ndi diso lina.

Nanga okushoni yaing'ono ya m'tauni mwanu? Kale inali manda a zinthu zotere: ankaziponya m'katoni limodzi ndi mawayilesi akufa. Masiku ano zambiri zimaonetsa malonda awo pa intaneti, ndiye wosonkhanitsa wa ku Texas angathe kuona katundu wa m'tauni yaing'ono ya ku Yorkshire, pokhapokha ngati dzina lalembedwa bwino. Apatseni nokha dzina la kampani, mtundu ndi chaka, ndipo limbikirani kuti chigulitsidwe pachokha.

Kugulitsa nokha pa intaneti

Kwa ambiri amene mwatola violet ray kapena makina opukusa wamba, ndalama zambiri zili kuno, ndi ntchito yambirinso. Pa eBay ndi pamene ogula ake amasonkhana: osonkhanitsa zachipatala, okonda za Tesla, okongoletsa mabala ndi mashopu ometera, osaka zipangizo za m'mafilimu, ndi ena amene amafuna nyesi yake pa zosangalatsa za kuchipinda, amene sitiwafunsa zambiri. Ku America eBay imadula yopitirira pang'ono 13 peresenti. Ku Britain, kuyambira October 2024 munthu wamba wogulitsa katundu wake salipira komishoni, ndiye kusiyana kwake ndi okushoni n'kwakukulu. Etsy imalandira zinthu zopitirira zaka 20, imadula masenti 20 a dola poika malonda ndi 6.5 peresenti mukagulitsa, kuonjezera ya kulandirira ndalama. Ogula ake ndi ofuna zokongoletsa, amalipira bwino koma amachedwa kubwera, ndipo shopu mungatsegule ngati dziko lanu lili pa mndandanda wawo. Ku South Africa kuli Bob Shop, ija inkatchedwa bidorbuy, kumene wogula ndi wogulitsa onse amawerenga marandi.

Pa eBay pali kusankha kwina: kuika mtengo wokhazikika, kapena kulola anthu apikisane kwa masiku asanu ndi awiri. Mpikisano umakoma pamene ofuna ali ambiri sabata imeneyo. Zipangizo izi ogula ake ndi ochepa, ndipo mukayamba pa paundi imodzi sabata imene awiri okha aja ali kutchuthi, mudzagulitsa pa paundi imodziyo. Ine ndingaike mtengo wokhazikika, wokwererako pang'ono pa imene ndaona kuti inagulidwa, n'kulola anthu kunenerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene chimagwetsa anthu panjira iyi ndi galasi. Katundu akafika wosweka, kapena wosiyana ndi mmene munalembera, eBay imabwezera wogula ndalama zake ngakhale munalemba kuti simulandira zobwezedwa. Timagalasi timeneti n'topyapyala ngati babu, ndipo timipata ta m'kabokosi sitinapangidwire kuponyedwa m'galimoto za positi. Chotsani kalikonse, mukakulunge pakokha, muike m'katoni kakang'ono, katoniko kalowe m'katoni lalikulu lokhala ndi zofewa mbali zonse. Chogwirira cholemeracho chisagone pamodzi ndi galasi. Jambulani polongedza. Ndipo muyeze kulemera kwa phukusi musanatchule mtengo wotumizira, chifukwa makina a maginito aja ndi olemera kuposa mmene amaonekera.

Polemba malonda nenani zonse: mng'alu uli apa, kagalasi kamodzi kakusowa, sindinayese kuyatsa. Lembani momveka kuti mukugulitsa ngati chinthu chosunga ndi kuonetsa, osati chogwiritsa ntchito pathupi kapena cholumikiza ku magetsi. Malonjezo a m'kabuku kaja ajambuleni chithunzi, musawakopere m'mawu anu, chifukwa malonda onena kuti chinthu chimachiza matenda amachotsedwa, ndipo makompyuta osaka mawuwo sadziwa kuti mukuseka. Amene muli ku Britain pa viza ya sukulu, kumbukiraninso kuti kugulitsa chinthu chanu chimodzi si mlandu, koma kumagula ndi cholinga chogulitsa mobwerezabwereza ndi bizinesi, imene viza imeneyo siilola. Kuyambira 2024 misika ya pa intaneti imapereka ku HMRC, bungwe la misonkho la ku Britain, mayina a ogulitsa zinthu 30 kapena kuposerapo pachaka.

Ena amaphwasula: timagalasi pawokha, chogwirira pachokha, kabuku pakokha. Pa bokosi losakwanira kale, nzeru imeneyi imabweretsadi ndalama zochulukirapo, poti pali anthu amene akusaka kagalasi kamodzi kokha kuti akwaniritse awo. Pa bokosi lathunthu limene lakhala pamodzi zaka 100, ine sindingatero, ngakhale masamu atandiuza kuti ndipindulapo pang'ono.

Facebook Marketplace ndi Gumtree ndi zachidule: palibe komishoni mukakumana pamaso, palibe positi, palibe galasi losweka. Vuto ndi loti m'tauni mwanu mwina mulibe ngakhale mmodzi wodziwa chinthucho, ndipo amene amayankha msanga ndi akuba aja otumiza uthenga wabodza wa banki n'kunena kuti atuma dalaivala. Katundu asachoke ndalama isanaoneke mu akaunti yanu. Magulu a pa Facebook a osonkhanitsa zida zachipatala ndi othandiza kwambiri pozindikira chinthu kusiyana ndi pogulitsa.

Wogula amene angalipire kuposa onse

Alipo, ndipo kwathu kuno sasowa. M'matauni mwathu muli anthu oyenda ndi laputopu ndi kachitsulo kogwira m'manja, amene m'mphindi ziwiri "amayeza thupi lonse" n'kukupezani ndi chiwindi chotopa ndi impso zofooka, kenako n'kukugulitsani mabotolo a mankhwala. Munthu wotere akaona galasi lowala pepo ndi kuthetheka pakhungu, amaona ndalama, ndipo angakupatseni kuposa wosonkhanitsa aliyense wa ku London. Malonda ake si atsopano. Albert Abrams wa ku San Francisco ankati makina ake amapeza matenda m'dontho la magazi lotumizidwa pa positi; magazini ya Scientific American inafufuza mu 1923 ndi 1924 n'kupeza kuti n'zopanda pake, ndipo wina wogwiritsa ntchito makinawo atatumiziridwa magazi a tambala anapezamo malungo, shuga, khansa ndi chindoko.

Njira iyi ndaitchula kuti muikane. Makina a zaka 100 a mawaya oyoyoka akaikidwa pa mayi wodwala amene wasiya mankhwala a kuchipatala, nyesi ingamuphe lero, kapena matenda angamuphe mwezi wamawa. Malamulo nawo alipo: ku Britain Cancer Act ya 1939 imaletsa kutsatsa chilichonse kuti chimachiza khansa, ku America boma linapatsidwa mphamvu pa zipangizo zonamiza odwala mu 1938, ndipo ku Malawi za kuchiza ndi za mankhwala zimayang'aniridwa ndi Medical Council of Malawi ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Wogula akafunsa kuti "kodi chimathandizadi nyamakazi?", yankho ndi ayi, ndipo malonda athere pomwepo. Wa saluni wofuna makina otere a ziphuphu agule atsopano, amene alipo otchipa ndiponso opangidwira magetsi a masiku ano.

Nyumba zosungira zakale, ndi amene muli kumudzi

Ambiri amaganiza kuti myuziyamu ndiyo idzalipire bwino. Kawirikawiri siigula, imalandira mphatso, ndipo zofala ili nazo kale zodzaza mashelefu. Science Museum ya ku London imasunga katundu wochuluka wa Henry Wellcome, wosonkhanitsa zida zakale zachipatala. Bob McCoy, amene anali ndi nyumba yonse ya zipangizo zabodza ku Minneapolis, anapereka zake ku Science Museum of Minnesota mu 2002. Chimene chingawakope ndi mbiri ya mwini wake: anagula ndani, kuti, chifukwa cha matenda anji, lisiti lake lili kuti. Ngati muli ndi zimenezo, lemberani Thackray Museum of Medicine ku Leeds kapena Adler Museum of Medicine ya pa yunivesite ya Wits ku Johannesburg. Ndalama simupeza, koma chinthucho chidzasungika ndi nkhani yake.

Kwa amene mwachipeza ku Malawi kapena ku Zambia, masamu onse aja amasintha chifukwa cha mtengo wotumizira. Phukusi la makilogalamu awiri kapena atatu pa ndege kupita ku Ulaya likhoza kudya mtengo wonse wa violet ray wamba, ndipo likasweka mubweza ndalama za katundu ndi za ulendo womwe. Ndiye chofala chigulitseni konkuno, kwa eni malo ogona alendo ndi malo odyera okonda kukongoletsa ndi zakale, kapena chisungeni. Funsaninso wokugulitsaniyo kumene anachitenga. Ngati sichinabwere ndi kontena, koma chinatuluka m'nyumba ya pa esiteti ya tiyi ku Thyolo kapena pa mishoni yakale, chimenecho ndi mbali ya mbiri ya dziko lino. A ku myuziyamu ya ku Chichiri, a Society of Malawi ku Mandala House, kapena a Livingstone Museum ku Zambia ayenera kuchiona kaye, ndipo ku Malawi lamulo la Monuments and Relics Act limafuna chilolezo musanatulutse kunja zinthu zotetezedwa. Ku South Africa chilolezo chotere chimachokera ku SAHRA, bungwe la boma loteteza zinthu za mbiri ya dzikolo.

Ngati ndi chosowa ndipo mwaganiza zopatsira wachibale wopita ku Britain kuti akachipereke ku okushoni, yang'anitsitsani zogwirira ndi timitu ta zopukusira musanachiike m'chikwama chake. Zida zambiri za m'ma 1800 zinali ndi tizigawo toyera ta fupa kapena ta mnyanga wa njovu. Fupa limakhala ndi timadontho ndi timizere takuda. Mnyanga ndi wosalala, ndipo podulidwa pamaoneka mizere yopingasana ngati ukonde. Ku Britain, Ivory Act ya 2018, imene inayamba kugwira ntchito mu June 2022, imaletsa malonda a minyanga. Chinthu chopangidwa chisanafike chaka cha 1947 chokhala ndi mnyanga wosakwana 10 peresenti chimaloledwa pokhapokha chitalembetsedwa. Ku Malawi, kuchokera pamene lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, mlandu wa minyanga ungafikitse munthu kundende zaka 30, ndipo wapolisi wa pa bwalo la ndege la Kamuzu sadzayamba ndi kufunsa kuti kachogwirirako kanasemedwa chaka chanji. Ngati mukukayika, chisakwere ndege mpaka a Dipatimenti ya National Parks and Wildlife atachiona.